Kuzindikira duwa la Potentilla aurea m'mapiri a Alps

Pakati pa Juni ndi Ogasiti maluwa achikasu amangoti mbwee m'mapiri a Alps ku Ulaya, ndipo anthu ambiri amasokoneza kachomera ka Potentilla aurea ndi Ranunculus, mtundu wina wa maluwa achikasu. Kuti muwasiyanitse, musalithothole duwalo, ingolitembenuzani pang'ono. Likakhala la Potentilla aurea, kunsi kwake mupeza timasamba tobiriwira 10, tisanu tokulirapo ndi tisanu tating'ono pakati pake. Ranunculus alibe tating'onoto, komanso duwa lake limanyezimira ngati lapakidwa mafuta.

Ine chimene chimandikoka mtima ndi tsamba la Potentilla aurea. Lagawika pasanu ngati zala za dzanja, ndipo m'mphepete mwake muli tiubweya tonyezimira ngati siliva. Onaninso nthaka, chifukwa kachomeraka sikakonda miyala ya laimu. Mukapeza kofanana nako pa laimu, kawirikawiri ndi mnzake Potentilla crantzii, amene masamba ake alibe mphepete yasilivayo.