Mukamamwa prednisolone, BP yanu muziilondola chonchi

Ine ndimadwala nyamakazi ija yotupitsa mfundo za zala ndi maondo, ndipo ikavuta adokotala amandilembera prednisolone. Mankhwalawa amathandizadi, pakangopita masiku ochepa zala zimayambanso kupindika. Koma amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, ndiye BP imakwera, mapazi amatupa, nkhope imafufuma, ena mpaka shuga amakwera. Mlingo ukayamba kuchepetsedwa, BP nayonso imatsika. Kawirikawiri BP imene tikuti ikusinthasinthayo imakhala ikungotsatira mapiritsi amene tikumwa sabata imeneyo.

Pezani kope laling'ono. Tsiku lililonse likhale ndi mzere wake: deti, mlingo wa prednisolone, BP ya m'mawa, BP ya madzulo, ndi mmene mukumvera m'thupi. Mzere wanga umaoneka chonchi: 20mg, 152/94, 146/90, mapazi otupa. Mapiritsiwa nthawi zambiri amakhala a 5mg, choncho anayi ndiye 20mg. Chofunika kwambiri n'chakuti mlingo ndi BP zikhale pamzere umodzi, kuti adokotala akangotsegula kopelo aone okha pamene zinayambira kukwera. Kuyeza kamodzi kokha kuchipatala, mutayenda mtunda padzuwa ndi kuima pamzere, sikuwauza zambiri.

Poyeza, yambani mwakataya madzi, kenako khalani pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Musamwe tiyi kapena khofi, musasute fodya, kwa mphindi 30 musanayeze. Yezani kawiri, pakati papite mphindi imodzi, ndipo musamayankhule makina akugwira ntchito. M'mawa yezani musanamwe mankhwala. Makina omanga kumtunda kwa mkono ndi odalirika kuposa a padzanja. Ngati mulibe anuanu, kayezetseni kuchipatala chaching'ono kapena kufamase, koma nthawi yake izikhala yofanana.

BP ikamakhala 140/90 kapena kuposa kwa masiku angapo, musadikire deti lanu la sikelo, pitani ndi kopelo. Ikafika 180/120, makamaka mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, pachifuwa pakupweteka, mpweya ukubanika kapena mbali imodzi yafooka, thamangani nthawi yomweyo.

Kukhitchini ndiye kuli nkhondo yeniyeni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, komwe ndi kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza bwino, kuphatikiza ndiwo zonse. Mchere wambiri sitiuona n'komwe. Uli m'nsomba zouma zothira mchere, m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'soseji, m'tchipisi ta pachiwaya. Soda amene timathira m'therere nayenso ali ndi sodium yemweyo wokweza BP. Kwathu nsomba yamchere timayamba taiviika m'madzi, madziwo n'kutaya, ndipo ndiwo zanga amapatula asanathire mchere wa ena. Tomato wambiri, anyezi, adyo, nsinjiro ndi mandimu zimakometsa mokwanira, lilime limazolowera.

Mfundo zikamawawa, dzanja limathamangira ku brufen, indocid kapena diclofenac wa mugolosale. Chonde musatero adokotala asanavomere. Mankhwala amenewa amakweza BP, amalemetsa impso, ndipo akaphatikizana ndi prednisolone amatha kuboola zilonda m'mimba. Panado ndiye wofatsa. Prednisolone yemweyo muzimwa m'mawa mutadya kaye, kuti asakuwaweni m'mimba komanso asakusowetseni tulo.

Ngati mukumwanso mankhwala a BP monga HCTZ, amlodipine kapena enalapril, wolemba mankhwala aliyense adziwe zonse zimene mukumwa, ngakhale zitsamba. HCTZ ndi prednisolone onse amachepetsa potassium m'thupi, mchere wina wothandiza minofu kugwira ntchito, ndipo mungamve kufooka kapena kukokana kwa minofu. Nthochi, mapeyala, nyemba ndi kholowa zimathandiza, koma amene ali ndi vuto la impso kapena akumwa enalapril ayambe afunsa asanachulukitse zimenezi.

Chimene ndimachiopa kuposa BP yokwera ndi ichi: munthu kuona 160 pamakina n'kusiya prednisolone tsiku lomwelo. Mukamwa mankhwalawa kupitirira masabata atatu, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timachepetsa kupanga cortisol, mchere wa m'thupi (homoni) umene prednisolone amagwira ntchito m'malo mwake. Mukasiya mwadzidzidzi, thupi limasowa pogwira. BP imagwa, munthu amasanza, amafooka, amatha kukomoka ngakhale kumwalira kumene. N'chifukwa chake adokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono, kuti tiziwaloto tidzuke.

Pa nthawi yotsitsayi yang'anirani mbali inayo. Mukamamva chizungulire poimirira, kapena nambala yapamwamba yatsika pansi pa 90, mwina mankhwala a BP aja tsopano achuluka. Musachepetse nokha, kawaonetseni kopelo. Podzuka yambani mwakhala m'mphepete mwa bedi, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala muzimwa madzi okwanira.

Malungo akakugwirani, mukatsegula m'mimba, kapena mukamasanza moti piritsi silikukhazikika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa thupi lodwala limafuna cortisol wochulukirapo. Mawu oyamba kwa namwino akhale akuti, "Ndimamwa prednisolone." Mlingo wake ulembedwe patsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala, ndipo wina wa pakhomo adziwe pamene mumalisunga, kuti akakuyankhulireni ngati inu simungathe.