Momwe mungazindikirire bowa wa oyisitara womera pamitengo mvula ikamatha

M'Malichi ndi Epulo, bowa wa pachulu utayamba kusowa, pazitsa ndi pazipika zowola mumamera wina. Kuno ku Mangochi musataye nthawi m'mbali mwa nyanja, kumauma msanga. Kwerani cha ku Namwera kapena m'mapiri a Namizimu, m'makhwawa momwe chinyezi chimakhalitsa, patapita masiku awiri kapena atatu mvula itagwa.

Choyamba, onani pomwe wamera. Oyisitara umatuluka pamtengo wakufa, wambiri pamodzi, wosanjikizana. Ngati wamera m'dothi, si umenewu.

Kenako thyolani umodzi muutembenuze, pakuti chinsinsi chili kunsi. Timizere take n'toyera, tofewa, ndipo timatsetsereka mpaka pamwendo. Mwendowo ndi waufupi, uli chakumbali osati pakati, nthawi zina palibiretu. Ulibe mkanda, ulibenso kathumba kutsinde. Chipewa n'choyera kapena chotuwa, chosalala, masentimita 5 mpaka 15. Mukachikoka chimang'ambika motsata timizere ngati nyama ya nkhuku yophika. Mukapeza kunsi kuli timabowo ngati siponji, bowawo uli gwa ngati thabwa, pamwamba pofiirira mowala, usiyeni, si ndiwo. Wamtundu wa lalanje usiyeninso.

Mukafika kunyumba dulani chipewa chimodzi, muchivundikire papepala lakuda, timizere tili pansi, muphimbe ndi kapu mpaka m'mawa. Oyisitara umasiya kaufa koyera kapena kotuwirako. Kaufako kakakhala kofiirira ngati dothi, tayani wonse.

Zoti "tizilombo tadya, ndiye ngwabwino" n'zabodza. Mphutsi ndi nkhono zimadya ngakhale bowa wopha munthu, ndipo poizoni wina sachoka ngakhale muwiritse chotani. Ulendo woyamba kauonetseni kwa amayi omwe akhala akuzula bowa zaka zambiri m'dera lomwelo.

Nyamulirani mudengu. M'jumbo, ndi kutentha kwa kunoku, pofika masana umakhala utachita thukuta n'kuyamba kununkha. Wachikasu m'mphepete kapena woterera ndi wokalamba.

Phikani mpaka upse bwino, kaya ndi tomato kaya wotendera, koma tsiku loyamba idyani pang'ono, ana asalawe, ndipo sungani umodzi wosaphika. Wina akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, ngakhale patapita maola 6 mpaka 24, thamangani naye kuchipatala mutatenga bowa wosungidwawo, musadikire kuti kuche.