Geti la pa ngalande: yang'anani madzi, osati mpata wokha

Alimi a mthirira ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ku Mozambique, mukudziwa kuti Seputembala akafika mitsinje imaphwera, ndipo mikangano imayambira pa geti. Wakumtunda akuti watsekula monga mwa masiku onse, wakunsi akuti mbatatesi zake zikufota. Kawirikawiri onse awiri amakhala akunena zoona.

Geti lachitsulo lokweza ndi kutsitsa, lija ena amati komporta, limatulutsa madzi pansi pake. Chimene chimawakankha ndi kulemera kwa madzi amene aima kumbuyo kwa geti. Tiyerekeze geti la masentimita 30 m'lifupi, mwalikweza masentimita 5. Madzi akumbuyo akakhala akuya masentimita 40, padutsa malita pafupifupi 25 pa sekondi. Akatsika kufika masentimita 20, mpata uli womwewo, padutsa malita 17 okha. Ndiye kuwerenga kuti chogwirira chokwezera geti mwachizunguza kangati sikuyeza madzi ayi. Mukawonjezera mpata kawiri, madzi nawo amachuluka pafupifupi kawiri, koma kuti achuluke chimodzimodzi popanda kukhudza geti, kuya kwa kumbuyo kuyenera kuwonjezeka kanayi.

Chimene ambiri sachiona chili kutsogolo. Geti likamagwira bwino, madzi amatuluka ali opyapyala, othamanga, kenako n'kudumpha ngati akuwira patali pang'ono. Ngalande yakutsogolo ikadzaza matope ndi udzu, madzi amabwerera n'kumiza mpata uja. Apa chogwira ntchito si kuya kwa kumbuyonso, koma kusiyana kwa madzi akumbuyo ndi akutsogolo. Kusiyanako kukakhala masentimita 10, geti lomwe lija lingatulutse pafupifupi theka la malita 25 aja. Musalimbane ndi geti, tengani makasu mukapale ngalande.

Lembani mizere ya penti pa khoma la simenti kumbuyo ndi kutsogolo kwa geti, yotalikirana masentimita 5, ndipo wogawa madzi aziiwerenga m'mawa ndi madzulo. Pofuna kutsimikiza kuchuluka kwa madzi odutsa, sankhani mamita 10 owongoka a ngalande, ponyanimo kamtengo, muwerenge masekondi katatu. Gawani mamita 10 ndi avereji ya masekondiwo, muchulukitse ndi m'lifupi ndi kuya kwa madzi mu mamita, kenako ndi 0.8 chifukwa madzi apamwamba amathamanga kuposa apansi. Mukachulukitsanso ndi 1,000 mwapeza malita pa sekondi.

Pamene madzi amadumphira paja ndi pamene nthaka imakumbika. Yalanipo miyala ikuluikulu kapena konkire mpaka kupitirira podumphirapo, apo ayi dzenjelo limabwerera m'mbuyo n'kugwetsa khoma la geti.

Pofuna kungokweza madzi kuti alowe m'timingalande tam'mbali, matabwa oti madzi azidutsa pamwamba amaposa geti. Madzi odutsa pamwamba pa thabwa akazama kawiri, otuluka amachuluka pafupifupi katatu, choncho mvula ikagwa mwadzidzidzi ngalande sisefukira msanga.

Kudontha musakupeputse. Lita imodzi pa sekondi ndi malita 86,400 pa tsiku. Chotsani mchenga ndi timiyala mumpata momwe chitsulo chimatsetsereka, sinthani labala ya m'mbali ikang'ambika, ndipo pakani girisi pa mazinga a chogwirira mwezi ndi mwezi. Geti likakana kutsika musalimenye ndi hamala, chifukwa chitsulo chikapindika sichikhalanso bwino pansi. Likwezeni kaye, madzi akokolole chimene chatsekereza.