Mmene mungauzire khoti mavuto omwe mbava zakusiyirani kuno ku Joni

Munthu amene anakulandani katundu ndi mfuti kapena mpeni akapezeka wolakwa, khoti limalola kumva kwa inu lisanapereke chilango. Mawu anuwo amalembedwa m'chikalata chomwe amachitcha victim impact statement. Ambirife timangopereka umboni n'kubwerera kuganyu, ndiye majisitireti amagamula osadziwa kuti moyo wanu unasintha bwanji.

Yambani ndi kusunga nambala ya mlandu wanu (ya CAS) yomwe apolisi anakupatsani, ndipo muziimbira wapolisi wofufuza mlanduwo kuti mudziwe masiku a khoti. Mukafika kukhoti, uzani woimira boma kuti mukufuna kulemba chikalatachi. A NPA, nthambi ya boma yozenga milandu, ali ndi anthu otchedwa Court Preparation Officer omwe amathandiza kulemba, ndipo salipiritsa. Ngati Chingerezi chimakuvutani, pemphani womasulira Chichewa nthawi ikadalipo.

Polemba musabwerezenso mmene anakuberani, zimenezo khoti linamva kale. Fotokozani zomwe zinatsatira. Ngati anakuvulazani, tchulani mabala ndi fomu ya J88 yomwe adokotala analemba. Nenani masiku omwe munajomba kuntchito, kapena ngati abwana anakuchotsani. Foni ija inapita ndi manambala a anthu omwe amakuitanani ku ganyu? Lembani. Pasipoti inali m'chikwamamo? Lembani ndalama zomwe munawononga pofuna ina. Ngati mwezi umenewo ana kumudzi anabwezedwa kusukulu chifukwa simunatumize fizi, khoti liyenera kudziwa. Mantha nawonso musawachitire manyazi: kusowa tulo, kunjenjemera pokwera takisi pa renki ya Noord kukada. Koma musawonjezere kanthu, chifukwa loya wa wolakwayo akhoza kukufunsani pa zomwe mwalemba. Malisiti onse apite nawo.

Zaka za kundende musalamule, ndi ntchito ya khoti. Lamulo la 1997 limati kulanda ndi zida chilango chake chisachepere zaka 15 kwa wolakwa koyamba, 20 kachiwiri, ndi 25 kachitatu, pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zochepetsera. Loya wake adzayesetsa kupereka zifukwazo, n'chifukwa chake mbali yanu iyenera kukhala patebulo.

Funsaninso woimira boma za chipukuta misozi pansi pa gawo 300 la Criminal Procedure Act, lamulo la kazengedwe ka milandu. Ndipo ngati mukufuna kudzamvedwa wolakwayo akamadzaganiziridwa zotuluka m'ndende zaka zake zisanathe (parole), dziwitsani a zandende mwa kalata ndi kuwauza mukasintha adiresi kapena nambala.