GPS yam'manja ikachedwa kugwira, imani nayo poyera

Anzanga oyeza minda, dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri kuno ku Mulanje ndi lakuti GPS yam'manja, kachipangizo kosonyeza pomwe muli pomvera masetilaiti, imachedwa kupeza malo. Koma ndikamaona momwe ambiri timachitira, vuto silikhala la kachipangizoko. Munthu wakayatsira pakhonde la malata uku akulonjerana ndi mlimi, kenako wayamba kale kuzungulira munda wa tiyi manambala asanakhazikike. Mapeto ake malire amakhota, kukula kwa munda kumalakwika, matumba a feteleza n'kuwerengedwanso molakwika.

Masetilaiti a GPS amayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo amazungulira dziko kawiri patsiku. Kuti kachipangizo kanu kadziwe pomwe muli, kamafunika kumva anayi kapena kuposerapo. Setilaiti iliyonse imatumiza uthenga wonena pomwe ili, ndipo imaubwereza masekondi 30 aliwonse. Apa ndiye pagona nkhani: mukadutsa pansi pa bulugamu uthengawo uli pakati, umaduka, ndipo kachipangizo kamadikiranso kuti ubwerezedwe. N'chifukwa chake woyenda nayo amadikira nthawi yaitali kuposa amene waima duu pamalo amodzi.

Palinso ndandanda yaikulu yonena za masetilaiti onse, yomwe imatenga mphindi 12 ndi theka kuti ifike yathunthu. Ngati GPS yanu yakhala m'kabati miyezi ingapo, ndandanda imeneyi ndiyo imayenera kulandiridwa mwatsopano. Choncho m'mawa musananyamuke, iyikeni pabwalo la mpira kapena pamalo ena opanda mitengo, ikhale pamenepo mphindi 15 mukumwa tiyi wanu. Uthenga wa setilaiti iliyonse umakhalabe wothandiza kwa maola pafupifupi anayi, ndiye mukayatsanso m'mawa womwewo imagwira m'masekondi ochepa. Minda ikakhala yoyandikana, musazimitse n'komwe. Ingonyamulani mabatire a AA apadera.

Ena amaloza chala chiperoni. Ayi ndithu. Mitambo, nkhungu ndi mvula yowaza sizitchinga kwenikweni. Chotchinga ndi masamba othithikana makamaka akanyowa, denga la malata, thupi lanu lomwe, komanso phiri. Mukakhala ku Likhubula, m'munsi mwa matanthwe a Chambe, mbali yaikulu ya kumwamba imakhala yabisika. Pamalo otere tsikirani pang'ono poyera, phiri likhale kumsana kwanu, kachipangizo kakhale kutsogolo, kutali ndi chifuwa. M'thumba la thalauza ndiye ayi.

Ngati yanu ndi ya Garmin eTrex yomwe imamvanso masetilaiti a ku Russia otchedwa GLONASS, yatsani zonse ziwiri, GPS ndi GLONASS. Mabatire amatha msangako, koma m'zigwa za ku Thyolo ndi m'minda ya makademiya masetilaiti owonjezerawo amathandiza kwambiri. Foni imaoneka yachangu chifukwa imatenga uthenga womwewo kudzera pa intaneti. Kumtunda kwa phiri komwe netiweki imasowa, nayonso imadikira ngati inzake.

Mukafika pangodya yoyamba ya munda, yang'anani nambala yosonyeza kuti ingaphonye ndi mamita angati. Ikadali pa 15 kapena 20, dikirani. Ikatsika kufika pa 5 kapena kucheperapo n'kukhazikika, lembani ngodyayo, ndiyeno muuze mwini munda atsogole m'malire.