Ndalama za Cakudya kwa Olela Ana Pa Nyumba ku America: Malangizo a CACFP

Ngati mumasamalila ana a anthu ena pa nyumba panu ku United States, boma lingakubwezeleni mbali ya ndalama zimene mumagulila cakudya cao. Pulogilamu yake ni Child and Adult Care Food Program, mwacidule CACFP. Ndalama zimacokela ku USDA, unduna wa zaulimi wa boma la America, koma steti iliyonse ili na ofesi yake yoyendetsa nchitoyi.

Simungalembetse mwacindunji ku boma. Coyamba mukhale na laisensi kapena cilolezo ca steti yanu, ndiyeno musaine pangano na bungwe lochedwa siponsa. Siponsa ndiye amakuphunzitsani caka ciliconse, kulandila malipoti anu a pamwezi na kukutumizilani ndalama. Mwana aliyense akhale na fomu yosainidwa na kholo lake, ndipo fomuyi imalembedwanso caka na caka.

Ana a zaka 12 kutsika pansi ndiwo amawelengedwa. Pa tsiku, mwana mmodzi amalipilidwa zakudya zikulu-zikulu ziwili na kacakudya kopepuka kamodzi, kapena cacikulu cimodzi na topepuka tuwili.

Malipilo ali m'magulu awili, ochedwa Tier I na Tier II. Muli mu Tier I ngati pa sukulu ya m'dela lanu theka la ana kapena kuposa amayenelela cakudya caulele kapena cochipa, ngati ziwelengelo za kalembela zionetsa kuti dela lanu n'la anthu opeza zocepa, kapena ngati zimene banja lanu limapeza sizipitilila 185 pelesenti ya malile a umphawi amene boma linaika. Ena onse ali mu Tier II. Kusiyana kwake n'kwakukulu: kuyambila July 2024 mpaka June 2025, m'masteti ambili cakudya ca masana ca mwana mmodzi cinali $3.15 mu Tier I koma $1.90 mu Tier II. Mitengo imasintha pa 1 July caka ciliconse. Ana anu obeleka amawelengedwa pokhapo ngati banja lanu likuyenelela malinga na zimene limapeza, ndiponso ngati ana olembetsedwa ocokela kunja ali pomwepo akudya nao.

Mbale nayo ili na malamulo. M'mawa pakhale mkaka, cipatso kapena ndiwo zamasamba, na cakudya ca ufa monga buledi kapena phala. Masana na madzulo pafunika zinthu zisanu: mkaka, nyama kapena coloŵa m'malo mwake monga mazila, nsomba na nyemba, ndiwo zamasamba, cipatso, na ca ufa. Kacakudya kopepuka kakhale na ziwili mwa zisanuzi. Mwana wa caka cimodzi apatsidwe mkaka wosacotsa mafuta, wa zaka 2 mpaka 5 wa mafuta ocepa (1%) kapena wopanda mafuta, ndipo onsewa usakhale woikamo cokoleti kapena zokometsela zina. Juwisi ni kamodzi cabe pa tsiku. Makeke na madonati saŵelengedwa, ndipo kukazinga cakudya comiza m'mafuta pa nyumba panu n'koletsedwa, conco vitumbuwa musungile a m'banja lanu.

Nsima ingaloŵe pa mbali ya ufa, koma yang'anani pa paketi: palembedwe mau akuti whole kapena enriched. Ufa woyela wopanda mau amenewa suŵelengedwa, ngakhale ana atakhuta bwanji. Samalaninso na nyemba. Pa cakudya cimodzi mungaziŵelenge monga ndiwo zamasamba kapena monga zoloŵa m'malo mwa nyama, osati zonse ziwili. Mukaphika nsima na nyemba, onjezani repu kapena kabichi, kagawo ka nthoci na kapu ya mkaka.

Khanda limalipilidwa likapatsidwa mkaka wa m'mawele kapena fomula (mkaka wa makanda wogula) yokhala na ayironi, ngakhale pamene mai wake wabwela kudzaliyamwitsa pa nyumba panu.

Lembani zimene mwaphika na maina a ana amene adya tsiku lomwelo lisanathe, osati kudikila kumapeto kwa wiki. Sungani mapepala a caka cino pamodzi na a zaka zitatu zapitazo. Siponsa adzabwela katatu pa caka kapena kuposa, ndipo maulendo awili mwa amenewa sadzakuuzani. Mukafuna kucoka na ana pa nthawi ya cakudya, mudziŵitseni pasadakhale. Wolemba ana amene sanadye angacotsedwe mu pulogilamu, ndipo dzina lake limakhala pa mndandanda wa anthu oletsedwa kukhala mu pulogilamuyi, wochedwa National Disqualified List, kwa zaka 7, kapena kuposa ngati sanabweze ndalamazo.