Momwe mungaonetsere hemoglobin pa slide mu labotale ya histology

Kachidutswa ka impso kafika mu labotale, ndipo pansi pa fomu dokotala walemba funso limodzi lokha: zofiirira zimene zatseka timachubu ta impsoyi ndi hemoglobin kodi? Hemoglobin ndi puloteni ya m'maselo ofiira a magazi imene imanyamula okosijeni. Aliyense amene wakhalitsa pa benchi ya histology, poyezera tizidutswa ta ziwalo pa maikulosikopu, akudziwa kuti slide ya H&E siingayankhe funso limeneli payokha. H&E ndi utoto wa masiku onse wa hematoxylin ndi eosin. Eosin imagwira hemoglobin bwino ndithu, koma imagwiranso mapuloteni ena ambirimbiri. Selo lofiira la magazi likakhala lathunthu palibe chovuta, mumalizindikira ndi kaumbidwe kake. Ntchito imakula pamene maselo aphulikira m'mitsempha, hemoglobin n'kumwazikira m'magazi, impso n'kuisefa, iyo n'kukaundana m'timachubu. Zoterezi zimachitika munthu akaikidwa magazi osagwirizana ndi gulu lake, pa malungo aakulu aja odetsa mkodzo, komanso kwa anthu operewera G6PD, enzyme yoteteza maselo ofiira, akamwa mankhwala ena. Zikafika apa palibenso selo loti mulione, pamangotsala chibulumwa chofiirira chosadziwika mwini wake.

Njira imene ndikufotokoza pano ndi ya leuco patent blue, yomwe Dunn ndi Thompson anaifalitsa mu 1946. Ndimaikonda chifukwa ndi yachangu, zipangizo zake n'zochepa, ndipo siifuna benzidine. Akale ankadalira benzidine pa ntchito imeneyi ndipo inkaonetsa bwino, koma zinadziwika kuti imayambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. Ngati m'kabati yanu mudakali botolo lake lakale, musalitsegule. Likatayidwe motsatira malamulo a mankhwala oopsa.

Mvetsani kaye chimene chimabweretsa buluu

Hemoglobin ili ndi maunyolo 4 a puloteni, ndipo unyolo uliwonse wanyamula heme imodzi yokhala ndi ayironi pakati pake. Heme imeneyi ikakumana ndi hydrogen peroxide imagwira ntchito ngati enzyme ya peroxidase: imaswa peroxide ija, ndipo chilichonse chimene chili pafupi chimalandira mphamvu ya okosijeni. Ife timatenga utoto wa buluu n'kuuchotsa mtundu pogwiritsa ntchito ufa wa zinc ndi asidi, mpaka utayera. Tikauthira pa slide limodzi ndi peroxide, umabwereranso ku buluu pokhapokha pamene pali heme. Ma peroxidase enieni a m'maselo amafooka kwambiri ndi formalin (mankhwala osungira kachidutswa kuti kasawole), alcohol ndi sera yotentha, pomwe heme imapirira. N'chifukwa chake njirayi imatheka pa buloko wamba ya sera ya paraffin.

Mfundo yoti muisunge kuyambira pano ndi iyi: buluu akukuuzani kuti pali heme. Sanakuuzenibe kuti heme imeneyo ndi ya hemoglobin. Tibwererako.

Zonse zimayambira mu formalin

Slide zambiri zimene zimakana kutulutsa mtundu zimakhala kuti zinalephera kale utoto usanasakanizidwe n'komwe. Kachidutswa kalowe mu formalin ya 10% yokhala ndi buffer, ya pH pafupifupi 7, ndipo kasapitirire maola 36 kali m'menemo. Kakachedwa kuposa apo, mphamvu ya heme imayamba kuchepa ndipo zotsatira sizidalirika. Choncho musanayambe, onani tsiku ndi nthawi imene kachidutswako kanadulidwa kwa wodwala. Ngati kagona m'botolo mlungu wathunthu, yesanibe, koma dziwiranitu kuti kusaoneka kwa buluu sikudzatanthauza kuti hemoglobin mulibe.

Formalin ikawawasa, kutanthauza kuti pH yatsika pansi pa 6, imagwirizana ndi hemoglobin n'kupanga timiyala takuda timene timati formalin pigment. Timeneti timawononga chinthu chomwe mukufuna kuonetsa, kenako n'kudzakusokonezaninso pa maikulosikopu.

Podula pa microtome, makina odulira tizidutswa topyapyala, makulidwe a ma micron 3 mpaka 5 ndi okwanira. Musadule slide imodzi yokha. Ine ndimadula zitatu za wodwala: yoyamba ya utoto wathunthu, yachiwiri yolandira utoto wopanda peroxide, yachitatu ya Perls, utoto woonetsa ayironi. Pambali pake pakhale slide ya control, yotsimikizira kuti utoto ukugwira ntchito, yochokera ku chiwalo chodzaza magazi, monga kapamba (spleen) kapena mapapo, chomwe mukudziwa kuti sichinachedwe mu formalin. Lembani chilichonse ndi pensulo nthawi yomweyo, chifukwa kumapeto mudzakhala ndi slide ziwiri za buluu wofanana koma wonena zinthu zosiyana.

Kukonza utoto

Apa ndiye pofunika kudekha. Utoto wosungira umapangidwa motere: mamililita 25 a patent blue V ya 1% m'madzi a distilled, magalamu 2.5 a ufa wa zinc, ndi mamililita 0.5 a glacial acetic acid. Ikani zonse m'galasi pa magnetic stirrer, mkati mwa fume hood, mutavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso. Zinc ikakumana ndi asidi imatulutsa mpweya wa hydrogen umene suchedwa kuyaka, ndiye moto usakhale pafupi ndipo galasilo musalitseke pamene zikutakasika.

Muziyang'anitsitsa. Poyamba madziwo amakhala a buluu wakuda, osaonekera mkati. Pang'onopang'ono mtundu umayamba kusuluka, ufa wotuwa wa zinc ukuzungulira pansi, mpaka pakatha mphindi 10 kapena kuposerapo pamangotsala kamtundu kobiriwira kotumbuluka. Mukaona kuti buluu akukakamirabe, musafulumire kusefa, upatseni nthawi. Utoto umene sunasuluke mokwanira umadetsa slide yonse, ndipo simungasiyanitse pamene pali heme ndi pamene palibe.

Ukasuluka, sefani ndi pepala losefera, thirani m'botolo laling'ono loti lidzaze mpaka kukhosi, tsekani zolimba, ikani m'filiji. Mpweya wotsalira m'botolo ndi mdani, chifukwa okosijeni amabwezeretsa buluu uja mwakachetechete. Utotowu umakhala pafupifupi mlungu umodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kupanga wochepa. Mukautulutsa n'kupeza wada, pangani wina.

Utoto wogwiritsa ntchito umasakanizidwa pamene ma slide afika kale m'madzi, osati m'mawa kuti udikire masana: mamililita 10 a utoto wosungira, mamililita 2 a glacial acetic acid, ndi mililita 1 ya hydrogen peroxide ya 3%. Musanathire peroxide, patulani pang'ono pa slide yachiwiri ija.

Za peroxide ndili nazo mawu. Nthawi ina ndinabwereza slide ya wodwala mmodzi katatu, ndikupanga utoto watsopano ulendo uliwonse, koma ngakhale maselo ofiira a pa control sankasintha. Vuto linali botolo la peroxide limene linatsegulidwa kalekale n'kusiyidwa pa shelefu pamalo owala, moti mkati munali madzi basi. Dokotala anadikira masiku awiri yankho loti likanatuluka tsiku lomwelo, wodwala ali pa bedi impso zikukanika. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndadontheza utoto wosakaniza pa kadontho ka magazi kouma pa pepala losefera. Ukakhala wabwino, buluu amatumphuka pomwepo mukuona. Akapanda kutero, musauthire pa slide ya wodwala.

Pa slide penipeni

Chotsani sera mu xylene, tsitsani mu alcohol kuchokera ku wamphamvu kupita ku wochepa mphamvu, mpaka m'madzi a distilled. Yalani ma slide pa rack, thirani utoto kuti uphimbe kachidutswa konse, dikirani mphindi 5 pa kutentha kwa m'chipinda. Slide ya wodwala ndi ya control zilandire utoto umodzi pa nthawi imodzi. Tsukuluzani ndi madzi a distilled.

Kenako thirani neutral red ya 0.5% kapena nuclear fast red kwa mphindi 1 kuti ma nucleus aoneke. Dzanja likhale lopepuka pamenepa. Kufiira kukachuluka kumaphimba timadontho tating'ono ta buluu m'maselo a m'mbali mwa timachubu, pomwe nthawi zina timadontho timeneto ndi umboni wokhawo umene ulipo. Tsukuluzaninso, pyozani mu alcohol mosachedwa, lowetsani mu xylene, phimbani ndi chomatira cha DPX ndi coverslip.

Kuwerenga zimene zatuluka

Yambani ndi control. Maselo ofiira akhale a buluu wakuda, ma nucleus ofiira. Zikakhala choncho pitani pa slide ya wodwala, koma musathamangire ku timachubu. Funani kaye kamtsempha kamene muli maselo ofiira athunthu. Amenewa ndiwo mboni yanu yeniyeni, chifukwa adutsa mu formalin yomweyo ndi sera yomweyo limodzi ndi chibulumwa mukuchifufuzacho. Ngati iwo ali a buluu koma chibulumwa sichinasinthe, munganene molimba mtima kuti mulibe heme. Ngati iwonso ndi otumbuluka, slide imeneyo sinanene kanthu, ngakhale control yakunja itawala chotani.

Zibulumwa za hemoglobin zimatuluka za buluu, nthawi zina wopendekera kobiriwira. Timibulu ta mu ma eosinophil ndi ma neutrophil, omwe ndi maselo oyera a magazi, titha kugwiranso utoto chifukwa cha peroxidase yawo yotsalira, koma kaumbidwe ka selo kamakuuzani msanga. Slide yopanda peroxide isakhale ndi buluu. Ikakhala naye ndiye kuti utoto unali utabwerera kale m'botolo ndipo zonse ziyambirenso.

Tsopano ikani slide ya Perls pambali pake. Njira imeneyi, ya Max Perls ya mu 1867, imaonetsa ayironi womasuka wa mu hemosiderin, chotsalira cha hemoglobin yogayidwa. Ayironi wa mu heme ndi womangika zolimba, ndiye hemoglobin siisintha mtundu pa Perls. Hemosiderin imayamba kuoneka pakapita masiku angapo, maselo atagaya kale hemoglobin. Mukapeza chibulumwa cha buluu pa patent blue, komanso timibulu ta buluu pa Perls m'maselo a timachubu, ndiye kuti kuphulika kwa maselo ofiira sikunayambe dzulo.

Timiyala takuda kapena takhofi timene sitigwira utoto uliwonse pa iwiriyi tiyeseni ndi kuwala kwa polarized. Formalin pigment ndi pigment ya malungo zonse zimanyezimira, ndipo zonse zimasungunuka mu alcohol yokhuta picric acid. Kusiyana kwake ndi malo: ya formalin imamwazikana paliponse pamene panali magazi, ngakhale pamwamba pa maselo, pomwe ya malungo imakhala mkati mwa maselo ofiira ogwidwa ndi kachilombo ndi mwa ma macrophage.

Chatsala ndi chija ndinati tibwererako. Myoglobin, puloteni ya m'minofu, nayonso ili ndi heme, imodzi pa unyolo wake umodzi. Munthu akapsinjidwa ndi chinthu cholemera minofu n'kuphwanyika, myoglobin imatseka timachubu ta impso mofanana ndendende, ndipo pa patent blue ithanso kutuluka ya buluu. Utoto uwu sungazilekanitse. Chozilekanitsa ndi immunohistochemistry (IHC), antibody ya hemoglobin pa slide ina, ya myoglobin pa inzake. Amene amachita IHC akumbukira kuti timayamba ndi kuviika slide mu hydrogen peroxide; cholinga chake n'kuzimitsa mphamvu yomweyi ya heme imene lero taigwiritsa ntchito, kuti isadetse DAB, utoto wa IHC, pamalo olakwika.

Choncho potumiza ma slide kwa pathologist, lembani pa fomu maola amene kachidutswa kanakhala mu formalin, mmene control yakunja yatulukira, ngati maselo ofiira a mkati mwa kachidutswako agwira utoto, ndi zotsatira za Perls. Ngati mbiri ya wodwala ikutchula kuvulala kwa minofu, dulirenitu slide ziwiri zosapaka utoto pa magalasi a IHC buloko isanachoke pa microtome, chifukwa kachidutswa ka impso kotengedwa ndi singano n'kakang'ono, ndipo nthawi iliyonse mukaibwezera pa mpeni kamatha pang'ono.